Michira ya Zilembo Yaimitsa Ukwati wa Achemwali

Aphungu,

Ndithandizeni msanga, ndikuona ngati ndaphwasula ukwati wa achemwali anga ndi peni. Eya, peni!

Ndine mtsikana wa zaka 22, ndangomaliza kumene koleji, ndipo sikudzitama ayi, dzanja ndili nalo. Zilembo zopotanapotana zija, za michira ngati mphukira za maungu, ndimazilemba mpaka anthu kufunsa kuti, "Si makina amenewa?" Ndiye achemwali anga a Mwanaidi akukwatiwa kumapeto kwa mwezi uno ndi alamu a Kombo. Pamsonkhano wokonza ukwati ine n'kuimika dzanja: "Maina a oitanidwa tisalembe ndi bolopeni ngati makhadi akuchipatala. Ndilemba ndekha, inki yagolide!" Anthu m'manja phuphuphu. Maina 320, Aphungu!

Mndandanda umene mayi anandipatsa unayamba ndi akwathu, akuchimuna kumapeto. Tsiku loyamba ndinali moto. Khadi la azakhali athu, Bi Tatu, mchira wake unazungulira dzina lonse, n'kubwerera, n'kukathera pa kaduwa. Ngakhale bambo amene amatigulitsa nsomba analandira michira itatu. Koma pofika tsiku lachinayi chala chinatupa ngati nthochi, maso akuona ziwiriziwiri. Michira inayamba kufupika, kufupika, pofika kwa akuchimuna inatheratu. Dzina, basi, lina.

Ndinkati adziwa ndani, poti aliyense amalandira lake? Ndinaiwala kuti azimayi akuno khadi amayenda nalo m'chikwama. Paphwando la aneba, Bi Tatu anatulutsa lawo, ati akudzikupiza kutentha. Pambali pawo panali Bi Mwantumu, azakhali amene analera alamu kuyambira ali khanda. Nawonso anatulutsa lawo. Makhadi awiri pamkeka, mbali ndi mbali!

Amene analipo akuti Bi Mwantumu anati, "Eee, anzathu mpaka maluwa! Ife atilemba ngati odwala pamzere wa jakisoni." Bi Tatu, m'malo mozimitsa moto, akuti anayankha akutafuna sambusa: "Mwina inki imadziwa anthu ake, mayi."

M'mawa mwake akuchimuna anasonkhanitsa makhadi, wina mpaka anabwereka tepi kwa telala, kuyeza michira! Uthenga wabwera: "Ngati maina athu mukuwadula ukwati usanachitike, mwana wathu mudzamudula chiyani? Bi Mwantumu sabwera." Alamu akuti popanda azakhali awo sangakakhale pamaso pa shehe. Achemwali sakundilankhula, amangoyang'ana chala changa n'kupumira m'mwamba. Mayi akuti, "Sukulu yonse ija umaphunzira kudanitsa anthu?"

Ndilembenso makhadi 140 ndi chala chimenechi? Kapena ndingokwera basi ya ku Morogoro mpaka ukwati udutse, ngati udutse n'komwe?

Z.H., Tanga

Z.H. mwanangu,

Ku Morogoro usapiteko. Ukathawa, akuchimuna anena kuti unachita dala.

Ndaseka za tepi ya telala, koma Bi Mwantumu usawaseke. Mayi amene walera mwana wa mchimwene wake amafika pa ukwati wa mwanayo ali ndi mantha amodzi: kodi kumene akupitako adzandikumbukira? Khadi lako lawayankha kuti ayi. Ndiye yankho limenelo ulisinthe sabata ino.

Makhadi 140 usalembenso. Amene waimitsa ukwati ndi munthu mmodzi, ena onsewo akungovina ng'oma yake. Pitani kunyumba kwawo iwe ndi mayi ako, mutenge haluwa wabwino, chakudya chotsekemera chija chopatsa alendo olemekezeka. Bi Tatu muwasiye kunyumba, ngakhale atavala kale nsapato. Utengenso mndandanda uja ndi makhadi angapo a akwanu amene anali kumapeto, aone okha kuti michira inayamba kufa isanafike kwa iwo. Chala uwaonetse. Koma usayambe ndi chala, yamba ndi pepani: "Ndinalakwa ine, osati achemwali, osati mayi."

Kenako tulutsa khadi losalemba, inki ndi peni, ukhale pansi pamkeka, ulembe dzina lawo iwo akuona. Usafulumire. Uwafunse duwa limene akufuna kumapeto kwa mchira. Khulupirira ine, dzuwa lisanalowe banja lonse likhala litamva kuti mtsikana wakoleji anagwada theka la ola kulemba dzina lawo, ndipo khadi limenelo lidzakupiza maphwando onse a chaka chino. Chikwangwani chapakhomo la holo ulembenso wekha, dzina la banja la akuchimuna likhale pamwamba.

Ntchito ina ikadzabwera, sakaniza maina a mbali zonse usanayambe, ndipo dzanja likatopa uziima. Kutopa kuzigwera aliyense mofanana.

Chenjezo langa ndi ili: usananyamuke, bwereka khadi la Bi Tatu uyeze mchira wake, ndipo wa Bi Mwantumu ukhale chimodzimodzi ndendende. Ukangoposa ndi chikhadabo chokha, dziwa kuti akwanu nawonso telala ali naye.

Aphungu