Ng'ona za m'dambo la Limphasa

Wokondedwa mwana wanga Esnati,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko. Kuno ku Mpamba tilipo, koma bondo likundivutabe.

Mwana wako Wongani akundisowetsa mtendere. Akujambula mbalame m'dambo la Limphasa, akuti anthu akaona zithunzi za zisa adzaleka kutentha bango. Amalowa m'madzi mpaka m'chiuno n'kuima osagwedezeka kuti mbalame zisathawe. Loweruka ndinamutsatira. Pamatope pomwe amalowera ndinawerenga malo atatu pomwe ng'ona zinakwekwereza michira, ndipo pena panali pasanaume.

Nditamuonetsa anangoseka, amvekere, "Agogo, zimenezonso ndizijambula."

Chonde muimbire foni lero, umuuze azijambulira kumtunda. Ine sakundimvera, ndipo mawa akupitanso.

Ambuye akusunge, amusungenso iyeyo.

Ndine mayi ako,
NyaChirwa