Kalembera wa M'nyumba Muno Alembedwe ndi Pensulo

14 Malichi

Okondedwa Achemwali,

Ndikupereka dandaulo langa mwalamulo, monga nzika ya nyumba ino: msomali wanga wa kuseri kwa chitseko cha bafa walandidwa. Pamene ndakhala ndikukoleka thaulo zaka makumi awiri, lero pali matewera a mapasa a alamu.

Ndafufuza gwero la mlanduwu monga anandiphunzitsira ku yunivesite. Agogo aakazi anabereka ana asanu ndi anayi, nkukula anayi okha. Amayi anabereka ife asanu ndi mmodzi, katemera nkutisunga tonse, ndipo aliyense amafuna bafa nthawi imodzi. Amalume anabwera kudzafuna ntchito "kwa milungu iwiri", chaka chino ndi chachitatu. Agogo aamuna mapiritsi awasandutsa chitsulo, adzatiika m'manda tonsefe.

Koma chandilembetsa kwenikweni ndi ichi. Lachiwiri kunabwera mayi wa kalembera ndi mafomu ake. "Muno mumagona anthu angati?"

Amayi akuti, "Khumi ndi awiri, mwanangu, koma ulembe ndi pensulo. Udzabwerenso pakatha miyezi isanu."

Mayiyo anayang'ana alamu. Alamu akuti, "Ine ayi, pepani, fakitale inatseka!"

Amayi sanayang'ane munthu. Anangondikankhira mpando kuti ndikhale.

Achemwali, za miyezi isanuzo ndinauza munthu mmodzi yekha padziko lonse, ndipo munthuyo analumbira mpaka kutchula Mulungu. Musandiuze kuti maso a mayi saphonya. Inde, siketi ya ku ofesi yayamba kukana zipi, koma siketi sidziwa kuwerenga miyezi. Nanga foni zija mumaimbirana Lamlungu, ine ndikalowa amayi nkuyamba kukamba za mvula?

Abambo anali pomwepo, nkhope ili m'nyuzipepala. Sindikudziwa ngati anamva. Mpaka lero akuuza aliyense kuti mwana wawo akupita kunja kukatenga digiri yachiwiri, ndipo ndikawaona akumwetulira choncho, ndimangowathirira tiyi wina.

Choncho chipepeso changa ndi ichi, ndipo apilo palibe. Mukwere basi, mudzakhale pakati pa ine ndi abambo tsiku lowauza. Mwanayo mudzamulere mpaka adzavale gauni. Zowawa za pobereka tidzagawana pakati, inu mudzatenge theka lomaliza.

Moni kwa bambo a kunyumbako ndi ana. Musachedwe, chonde. Kuno tikukupatsani moni tili awiri.

Ine mng'ono wanu wolakwiridwa,
Madigiri