Giya Yeniyeni ya Achemwali a Lucrécia

Quelimane, pa 9 Juni 2024

Okondedwa achemwali anga a Lucrécia,

Ndine ndemwe Faustino, mlongo wanu amene Mulungu anakupatsani kuti muphunzire kupirira. Kodi muli bwanji kumudzi ku Majaua? Nanga bondo lija likulirabe mukamagwada m'tchalitchi? Kuno tili bwino. Alamu anu a Armanda ali moyo, ndipo pakamwa pawo ndi pamene pali ndi mphamvu kuposa thupi lonse.

Iwe Tânia amene ukuwawerengera amayi ako kalatayi, uwerenge zonse, usadumphe. Ndidzafunsa.

Achemwali, ndikuona! Adotolo anandichotsa ng'ala, diso lamanja mwezi watha, lamanzere sabata yapitayi. Sizipweteka, amangokugoneka pang'ono basi. Atandimasula bandeji ndinazindikira kuti zaka ziwiri ndakhala ndikupereka moni kwa mtengo wa magetsi wa pafupi ndi msika, n'kumaudandaula kuti ndi munthu wonyada. Nditafika kunyumba ndinawayang'anitsitsa a Armanda, n'kuwafunsa kumene anamusiya mtsikana ndinakwatira uja. Tsiku limenelo ndinakadya kwa aneba.

Tsono dzina lanu ndalembetsa kuti nanunso akuchotseni ng'ala. Adotolo akuti mubwere pa 2 Julayi, ndipo mukazengereza malo anu apereka kwa wina. Akuti ng'ala ikakhalitsa ntchito imavuta. Koma Tânia wandiuza pafoni kuti mwakana. Akuti simungadutse Milange opanda giya, pepala laulendo lija, ndipo mwapita katatu kwa sekeretariyo, mlembi wa mudzi, kukaipempha. Mnyamatayo anabadwa nkhondo itatha, ndiye akuti anayesa giya ndi mtundu wa mbewu ya nyemba, n'kukulonjezani kuti ikabwera akusungirani.

Ndinaseka mpaka kutsamwa. Inu amene mwawoloka Ruo moyo wanu wonse, dengu pamutu, kukagulitsa nyemba m'dziko la eni opanda ngakhale kapepala ka maswiti, lero mukuopa kuyenda m'dziko lanu lomwe! Koma nditamaliza kuseka ndinakumbukira kuti mantha amenewo ndinakupatsani ndine.

Tânia, izi amayi ako sanakuuzepo. Kale munthu sankachoka m'boma lake opanda giya, pepala lodinda lonena kumene ukupita ndi tsiku lobwerera. M'chaka cha 1983 amayi ako ankafuna kupita ku Mocuba kukaona mayi athu aang'ono amene ankadwala, koma wodinda giya anali kumaliro, chidindo chili m'thumba mwake. Ine, wanzeru wa m'banja, ndinakumba chinangwa, n'kusema chidindo ndi lezala, n'kupaka inki ya cholembera. Chinatuluka chokongola, chozungulira ngati mwezi. Chimenecho n'chimene chinawagwiritsa. Chidindo chenicheni chinali chobenthuka mbali imodzi, ndipo asilikali a pa kontorolo, pamene ankaimitsa magalimoto, ankachidziwa bwino. Amayi ako anatsitsidwa m'lole, analima munda wa anthu amenewo masiku anayi. Anawafunsa kambirimbiri kuti wasema ndani. Iwo ankangoti pepalalo analitola panjira.

Achemwali, giya inafa kalekale, kungoti uthenga wa maliro ake sunakupezeni. M'chaka cha 1990 inu munali ku kampu ku Malawi, mukuthawa nkhondo. Ine ndinali kuno, ndikusenza matumba padoko. Tsiku lina anatiimitsa ntchito, kunabwera bambo wa magalasi ndi mapepala. Anati dziko likulemba malamulo aakulu atsopano, Konsitituisau, amene malamulo ena onse ayenera kuwagwadira, ndipo aliyense anene maganizo ake momasuka. Momasuka! Anthu mazana awiri, aliyense kungoyang'ana zala zake za kumapazi. Tinkayesa ndi msampha.

Pakamwa panga mumapadziwa, sipandifunsa. Ndinangozindikira ndaimirira. Ndinafunsa ngati m'malamulo atsopanowo munthu angakaone wodwala wake opanda kupempha chidindo. Ndinafunsanso ngati munthu wofunsa funso ngati limeneli abwerere kunyumba lero. Anthu anaseka, bambo uja naye anaseka, koma analemba. Atatero ena anayamba kuimirira. Wina ananena za kupemphera, wina za kumangidwa popanda mlandu, mayi wina wosesa m'maofesi anati akazi asamayesedwe theka la munthu. Ine sabata yonseyo ndinkavala malaya awiri, kuti akabwera kudzanditenga ndisakafe ndi mphepo. Sanabwere.

Mwezi wa Novembala malamulo anatuluka. Munali ufulu woyenda, ufulu wolankhula, ufulu wopemphera kumene ukufuna, ndipo chilango cha imfa chinatha. Mu 2004 anawakonzanso, koma zimenezi anazisunga. Ine ndimauza anthu kuti za kuyendazo ndinalembetsa ndine. A Armanda amati anafunsa zimenezo ndi anthu miyandamiyanda kuyambira ku Rovuma mpaka ku Maputo, ndipo ine ndinangowonjezera phokoso. Nsanje basi.

Bukulo ndakutumizirani limodzi ndi kalatayi kudzera kwa Lourenço, woyendetsa shapa, minibasi ya ku Milange. Anandipatsa ndi aneba athu, aphunzitsi a Celestino. Tânia atsegule pamene ndapinda tsamba, pa ndime yotchedwa aritigu 55. Zalembedwa m'Chipwitikizi, koma tanthauzo lake n'lakuti nzika iliyonse ikhoza kukhala kulikonse m'dziko muno, ndiponso kuyenda mkati ndi kunja, kupatula amene bwalo la milandu lamuletsa. Kodi pali bwalo limene linakuletsani? Ngati lilipo mundiuze, ndidziwe kuti munaba chiyani osandigawira.

Ndikudziwa munalumbira kuti pepala lochokera m'manja mwanga simudzaligwiranso. Muli ndi chifukwa. Ndiye mupite nalo kwa akatekisita a Narciso, alitembenuze, alinunkhize, alinyambite ngati akufuna. Akapezamo chinangwa mundilembere. Ili sindinaseme ine. Analemba ndi dziko lonse, ndipo mulibe tsiku lobwerera.

Sindikunamizani kuti onse oima pamsewu analiwerenga bukuli. Ena amangolidziwa chikuto. Choncho bilyeti yanu, chitupa cha unzika chija, muitenge, chifukwa imeneyo amafunsadi. Akavuta, Tânia ali ndi pakamwa pa amalume ake.

Pempho langa ndi limodzi: bwerani. Mwana wanga Dionísio afika kumeneko pa 28 Juni kudzakutengani inu ndi Tânia. Chimanga mwakolola, nandolo sanakhwime, mbuzi adyetsa akamwini anu. Chonamizira mulibe. Zidzukulu zanu zitatu mumazidziwa ndi mawu okha, ndipo ndamva kuti pa Pasaka munathira mchere m'tiyi ya abambo mfumu, iwo n'kumwa yonse chifukwa cha ulemu. Mpingo wavutika mokwanira.

Palinso mawu amene ndakhala nawo pakhosi zaka makumi anayi ndi chimodzi, a masiku anayi aja. Muno sindiwalemba, mungayese ndi nthabwala zanga zomwe zija. Ndikufuna ndiwanene mutamasulidwa bandeji, mukundiona nkhope, kuti mudzionere nokha kuti sindikuseka.

Mundiperekere moni kwa achimwene a Paulino ndi akazi awo, kwa akamwini anu a Crimildo, kwa zidzukulu zonse, ndi kwa azakhali a Francisca ngati akumvabe. Ngati sakumva muwagwire dzanja. A Armanda akuti chipinda chanu akonza kale, ndipo ine andisamutsira pakhonde.

Ndidzakhala pamalo otsikira shapa kuyambira m'mawa. Mukadzamva munthu akukangana ndi ogulitsa malalanje, mudziwe kuti mwafika.

Ine mlongo wanu wosamva, koma woona tsopano,

Faustino