Wisiki wa a Lourenco Watsala Chala Chimodzi

Nkope, Mangochi

Wokondedwa mphwanga Allan,

Kaya wadzuka bwanji ku Kepitawuni konko? Ife kuno tilipo, kupatula bondo langali limene likulosera mwera kuposa wailesi. Azakhali ako a Keti ali bwino, pakamwa pawonso pali bwino kwambiri.

Ndasankha kalata chifukwa pafoni umandidula mawu, ndipo nkhaniyi ndikufuna uimve mpaka kumchira.

Botolo la wisiki lija mnzako Sangwani anafika nalo, atalikulunga m'juzi. Uthenga wako wamawu pafoni ndinaumvanso: akuti ndi wa chimera chokhachokha, wotchezedwa pamalo amodzi, wosadula koma waulemu, ndikapatse a Lourenco pokakufunsira mwana wawo Luisa. Unatinso tithire pang'ono, tinunkhize, tidonthezere madzi, Fanta ayi. Ine ndinangoseka. Mwana wadzulodzulo kuphunzitsa malume ake kumwa? Kachasu ndinamuyamba iwe uli kumsana.

Loweruka tinakwera matola wa ku Chiponde, ine ndi azakhali ako. A Lourenco anatilandira bwino, koma nkhope ili gwa. Nditanena kuti tambala wathu waona msoti pakhomo pawo, anayankha kuti tambala wolira pafoni sanamuonepo akulera anapiye.

Ndinati apa botolo ligwire ntchito. Mwambo ukuudziwa: wobweretsa mowa amayamba walawa yekha, eni khomo aone kuti mulibe chiphe. Luisa anabweretsa kapu ya tiyi, ine n'kudzaza, n'kugugudiza kamodzi.

Mayo ine, Allan! Moto! Utsi wake ngati ndameza uvuni wowambira chambo, pamwamba pake fungo la kuchipatala. Ndinatsokomola, misozi ndi mamina zili chuchuchu, mpaka ndinagwa pampando.

A Lourenco anadzambatuka, n'kukokera Luisa kumbuyo kwawo, akufunsa ngati tabwerera ukwati kapena maliro. Mayi ake a Luisa anathamangira kukhitchini kukasinja makala oti andimwetse. Azakhali ako, m'malo mondipepesa, anauza khamu lonse kuti iwo botololo analikayikira kuyambira ku Nkope. Ukwati wako unali utafera pamenepo, ndipo woupha ndinali ine.

Anatipulumutsa ndi Luisa. Anapempha foni yanga mwaulemu, n'kutsegula uthenga wako uja pabwalo, aliyense akumva. Manyazi ake! Mphwanga kundilangiza pamaso pa anthu, ine ndikupukuta mamina ndi tayi.

Koma ndinamvera. Ndinathira pang'ono, Luisa anadonthezera madzi amumtsuko ndi supuni, ndinanunkhiza, n'kupsontha. A Lourenco ali maso pa ine, kudikira kuti ndigwenso.

Iwe mwana, unanena zoona. Utsi unalipo koma wofatsa, kumbuyo kwake kunabwera uchi, kenako kakomedwe ka mtedza wokazinga, kutentha kukutsika pachifuwa mosathamanga. Ndinati ndilawenso kachitatu kuti mitima ikhale pansi. A Lourenco anandilanda kapu, amvekere chiphe chisathere mwa munthu mmodzi.

Ananunkhiza nthawi yaitali. Kenako anati utsi umenewo ndi wa kukhitchini kwa bambo awo ku Mozambique, kumene ankapachika chimanga chambewu kudenga, nkhondo isanawathamangitse. Anatiuza za mkulu wawo amene anapita kutali kukafuna ntchito. Chaka choyamba anatumiza bulangete, chachiwiri wailesi, kenako zii mpaka lero. Anati anthu akutali amayamba ndi kutumiza katundu, ndipo safuna Luisa akalambe akudikira basi. Sindikubisa, chisoni chinandigwira, ndipo misozi yachiwiriyi sinali ya wisiki.

Tinapitiriza kulawa, pang'onopang'ono monga unanenera, koma pang'ono wobwerezabwereza amatsitsa botolo. A Lourenco anandiphunzitsa nyimbo ya Chipwitikizi, ine ndinawalonjeza chambo chimene sindinachigwire.

Wisiki atatsala chala chimodzi, anatseka botolo, n'kulimanga ulusi pamene walekezera, n'kuliika pamwamba pa kabati. Anati mowa ndi wabwino, koma botolo lilibe nkhope. Mwini wake abwere yekha, akhale pampando ndinagwapo ine, alawe koyamba monga mwa mwambo, ndipo Luisa adzakhala wake. Koma mvula yodzalira ikagwa iwe usanafike, adzamaliza okha chala chimenecho, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndiye mphwanga, ndikukupempha, usatumize botolo lina. Usatumize foni, kapena nsapato. Pempha tchuthi kwa abwana ako, ukwere basi. Mtsikana uja ndi wanzeru kuposa ine ndi iwe kuphatikiza, ukamutaya sindidzakuyenderanso kwina.

Ndiponso usadalire mvula. Dzulo Luisa anaimbira azakhali ako, akuti bambo ake amatsitsa botolo lija tsiku ndi tsiku kuti angonunkhizako kwawo. Akuti ulusi uja watsika kale kawiri, wokha.

Mulungu akusunge panjira. Upereke moni kwa Jonathan ndi onse akwathu amene muli nawo kumeneko. Azakhali ako akuti ukamadzalawa udzakhale pamkeka, chifukwa mpando uja ndinauthyola mwendo.

Ndine malume ako,
Petulo