Tataya Omasulira Amene Anatsekulitsa Mlatho

Kwa bambo a pakhomo, ana, adzukulu ndi onse amene mukulira nafe,

Ife a Bungwe la Akazembe Opuma Pantchito tadzidzimuka ndipo tagwidwa ndi chisoni chachikulu pomva za imfa ya mayi athu omasulira, amene tonse tinkawatcha a Khutu, popeza panalibe mawu owadutsa osawatola.

Kwa zaka makumi atatu mayiwa anatumikira dziko lino m'maofesi a kazembe, kumasulira pamisonkhano, kuphunzitsa akazembe atsopano malonje a eni dziko, ndi kuperekeza oimba athu kunja, kumene dzina lathu linkamveka m'nyimbo lisanamveke patebulo la zokambirana. Tikukumbukirabe kachipinda kawo kumapeto kwa khonde, zenera losatsekeka lija, ndi makina otayipira osowa chilembo chimodzi, chimene ankachiwonjezera pamanja tsamba lililonse.

Chaka chimene mlatho wa pamalire unatsekedwa, odwala athu akulephera kukafika kuchipatala cha tsidya linalo, zokambirana zinafika pothina. Tsiku lachinayi nthumwi za anzathu a tsidya linalo zinalongedza mapepala kuti zizipita. Mtsogoleri wawo, podikira galimoto pakhonde, anayamba kuimba chapansipansi kanyimbo kogonetsera mwana, ndipo a Khutu anakamalizitsa m'chilankhulo cha mkuluyo.

"Mayi, mwaidziwira kuti nyimbo ya amayi anga?" anafunsa mkuluyo.

"Kwa mayi amene amasesa muofesi mwanu, bwana. Inu mumatipatsa zikalata, iwo amatipatsa chilankhulo."

Mkuluyo anaseka mpaka kuvula magalasi, nauza dalaivala kuti azimitse galimoto, ndipo zokambirana zinayambiranso. Patatha masabata atatu mlatho unatsekulidwa. Pachithunzi cha tsikulo tikuonekapo ife m'masuti athu, koma a Khutu palibepo, anali atapita kukafunira alendo madzi akumwa. Tikuvomera mwamanyazi kuti sitinawathokoze mokwanira ali moyo.

Kwa inu bambo, amene munkatsala ndi ana miyezi yambirimbiri ife titakubwerekani akazi anu, m'malo mwa mamembala onse ndikuti pepani, ndipo Mulungu akulimbitseni mtima pamene mawu athu akuperewera. Ananu, mukadzamva kuti dziko lino limapatsidwa ulemu kunja, dziwani kuti gawo lina la ulemuwo ndi masiku aja munkawasowa amayi anu pakhomo.

Mayi athu awuse mwabata.

Ine wolira nanu,
Wapampando wa Bungwe