Ndapeza Atamuika Kale

Lachinayi, ku Al Furjan. Tsiku loipa.

Ndabwerako ku Yanbu, mzinda wina wa padoko kuno kwa Aluya. Ndinakwera ndege ya m'mawa kukaika maliro a mlamu wanga Yusufu, amene chitsulo chinamugwera akugwira ntchito padoko. Pawindo ndimangoona mchenga, kenako matanki a mafuta ndi utsi m'mbali mwa nyanja.

Mutu wanga unali kwathu ku Ntcheu, kumene saika munthu mwini maliro asanafike. Nditatsika ndege ndinataya maola awiri kusakasaka nkhata ya maluwa. Uchitsiru! Kapitawo wa Yusufu, Mpakistani, anandilandira ndi mawu akuti, "Khalas, habibi, zatha m'bale wanga. Tamuika itangotha swala ya masana." Asilamu sadikira munthu, ndipo nkhata anandikaniza.

Kumanda anandilozera mzere wa milu ya mchenga, yonse yopanda dzina. Iye mwini sanakumbuke ngati Yusufu ali pa mulu wachitatu kapena wachinayi.

Mchemwali wanga Esinati waimba kanayi kuchokera ku Balaka, sindinayankhe. Akufuna chithunzi cha manda a mwamuna wake choti adzaonetse ana. Ndinajambula milu yonse iwiri. Umene nditumizewo ndi umene aziulirira moyo wake wonse. Koma uti...