Timipira ta chokoleti sitifuna moto

Anti Rumbi,

Ndatha ola lathunthu ndikupala thireyi ndi sipuni, koma zopsererazo sizikuchoka. Ndaiviika mu sinki, musadabwe.

Timipira tija mwatiponya mu uvuni ine ndili kosamba satiphika. Ndi ta ku Sweden: otsi wa phala uja, batala, shuga, koko ndi khofi pang'ono, kenako kutigubuduza mu kokonati, basi. Timalimba tokha mu firiji. Linnea, mnzanga wa kuntchito amene anandiphunzitsa kutipanga, akubwerera kwawo ku Sweden mawa, ndipo ndinalonjeza kuti pomutsanzika lero 4 koloko adya ta manja anga. Tonse makumi atatu tasanduka chikamba chimodzi chakuda bii.

Ndaumba tina khumi ndi batala wanu wa buledi, pepani. Tili mu firiji pansi. Ndathamangira kumashopu a ku Woolwich kukagula kokonati ndi batala wina. Chonde musatiphike, musatikazinge, musatifunditse.

Ndikudziwa, mumaopa kuti anthu atsegula m'mimba, banja lichite manyazi. Koma Anti, zaka ziwiri ndakhala ndikungoti "chabwino" mukamakonza zinthu zanga osafunsa. Lero si chabwino ayi. Pakamwa ndili napo, muzindifunsa kaye.

Kudzanai